Malonje Amene Anamanga Nduna Ng'azi

Padangokhala! Vomerani msanga, anzanga, nenani kuti tili tonse, chifukwa nthanoyi ikunditentha m'kamwa ngati phala longophula kumene.

Padangokhala Sakhwi, mayi wochenjera amene anali mphunzitsi wa ana a nyama. Masiku amenewo mphuno yake inali yaifupi ngati ya mbewa ina iliyonse, koma anali ndi chizolowezi choikoka zinthu zikamukwana. Ndipo panali ana atatu amene ankamukwana tsiku ndi tsiku, anapiye a Mai Nkhanga. Wamkulu anali Ndaziona. Ameneyu ukangomufunsa kuti wadzuka bwanji, ankayambira tsiku limene anabadwa. Wachiwiri anali Kwalimba, mnyamata wa mtima wapachala, amene nkhani ankaiyambira pakati, pomwe pamupsetsa mtimapo. Wotsiriza anali Sekanawo, kamtsikana kamene kankatulutsa mawu awiri atatu, kenako kukamwa tseke mpaka mawa.

Tsiku lina m'mawa atatuwa anafika kusukulu akulira. Sakhwi anafunsa chimene chachitika, koma onse anayankha nthawi imodzi, ndipo sanatolepo kanthu. Anakoka mphuno, n'kuthamangira yekha kwa mayi wawo. Anawapeza atafungatira mazira, nthenga za kumsana zitathothoka.

"Make Ndaziona, mazira aja si anali khumi ndi limodzi? Nanga ndikuona asanu ndi awiri bwanji?"

"Ndi a Nduna Ng'azi, mnzanga. Dzulo m'mamawa anabwera, kundikwapula ndi mchira, ine uko, iwo n'kuswa awiri n'kudya. Lero chimodzimodzi. Pochoka anena kuti tionana mawa."

"Kadandauleni kwa Mfumukazi Mvuu!"

"Ndichoke pano? Mazira akazizira asukuluka. Bambo awo anakodwa mumsampha chaka chatha. Ondiyankhulira ndi ana angawa basi. Inu ndinu aphunzitsi awo, akonzeni."

Sakhwi anacheuka kuyang'ana anawo. Ndaziona anali akufotokozera chulu mmene anagonera. Kwalimba anali akutukwana mtengo. Sekanawo anali duu.

"Mayo ine," anatero Sakhwi.

Tsono bwalo la Mfumukazi Mvuu linali ndi kayendetsedwe kakekake. Dzuwa linkawawotcha khungu, ndiye milandu ankaweruzira m'dziwe. Pa mlandu uliwonse ankavuuka katatu kokha, kumvetsera pang'ono, n'kumiranso. Mlandu ukabwera masiku atatu osamveka, ankati wafera m'madzi, ndipo sunkaloledwa kubweranso. Nanga wolandira odandaula pabwalopo anali ndani? Nduna Ng'azi yemweyo!

Panjira Sakhwi anawauza anawo kuti, "Mukangoona makutu a Mfumukazi pamwamba pa madzi, nenani chimene mwabwerera. Mwamva?"

"Tamva, aphunzitsi."

Atafika, Ng'azi anawalandira akumwetulira, mimba ili tswii.

"Takulandirani, adzukulu. Malonje!"

"A Nduna," anatero Sakhwi, "nkhani yathu ndi yofulumira."

"Aphunzitsi, kusukulu kwanu mwambo munauthetsa? Mlendo amayamba wafotokoza mmene wadzukira ndi mmene wayendera. Iwe wamkuluwe, tiuze."

Ndaziona maso anawala. Chibadwire palibe amene anamupemphapo kuti ayankhule! Anayambira pa tambala woyamba. Ng'azi anali akuomba m'manja n'kumavomera kuti, "Eee. Zikomo. Ndiye munadya chiyani?"

Phuu! Mfumukazi anavuuka, anamva kuti anawo anafisula chiswe, n'kumira. Phuu! Anavuukanso, anamva kuti Kwalimba anabayidwa ndi munga kuphazi lamanzere, ayi, lamanja, n'kumira. Atavuuka kachitatu, Sakhwi analephera kupirira.

"A Nduna, tacheukani! Mfumukazi avuuka komaliza! Dulani malonjewo, ana anene mlandu!"

Ng'azi anadzitukumula, n'kukweza mawu kuti bwalo lonse limve.

"Malonje sadulidwa! Wolandira malonje sacheuka, sasiya kuomba m'manja, sayankhula ndi wina aliyense, kufikira mwini wake anene yekha kuti ndathera pamenepa. Nduna yodula malonje si nduna, ichoke pampando. Si choncho, Mfumukazi?"

"Ndi choncho," anatero Mvuu akuyasamula. Chubwi! Tsiku loyamba linapita.

Sakhwi anakoka mphuno njira yonse. Atafika kwake anawandandika anawo m'mbali mwa kanjira kake, kamene ankakasesa tsiku lililonse kuti adani akabwera azithawa osapunthwa.

"Tamverani bwino, inu mitu ya maungu. Nkhani ili ngati chamoyo. Imatsogoza mutu: ndabwerera chakuti. Kenako mimba: umboni wake ndi uwu, ndi uwu. Pomaliza mchira: ndikupempha chakuti. Ndaziona, yamba. Ukangonena chosafunika, ndiponya kamtengo m'njiramu."

"Titadzuka m'mawa..."

Kamtengo.

"Komatu aphunzitsi, kunali kozizira..."

Kamtengo.

"Ndiye Kwalimba anati..."

Kamtengo, kamtengo, kamtengo. Posakhalitsa njira yonse inatsekeka, dzira lisanatchulidwe n'kamodzi komwe.

"Tsopano thamanga m'njiramo!"

Ndaziona anathamanga, anapunthwa, n'kugwa chafufumimba.

"Ndi mmene amagwera okumvera iwe," anatero Sakhwi. "Tolani zonsezi!"

Akutola, Sakhwi anayamba nyimbo yake yosesera njira. Inali nyimbo yapang'onopang'ono ya ndime zitatu: yoyamba inkatama mutu wotsogolera ulendo, yachiwiri mimba yonyamula katundu, yachitatu mchira wosesa pambuyo, ndipo pakati pa ndimezo pankabwera kolasi yovomerezana, yoyimbira m'mphuno. Anawo anaikonda, anaiyimba mpaka kuiloweza. Sakhwi mtima unakhala pansi pang'ono. Anayesa kuti phunziro lalowa.

Kutacha, Ng'azi anapitanso kuchisa. Mazira anatsala asanu.

Pabwalo anawalandira ndi nsangala yomwe ija. "Malonje, adzukulu!"

Ndaziona anatsinzina ngati akumwa mankhwala owawa, n'kunena kuti, "Tadzuka bwino, tayenda bwino, ndathera pamenepa."

Ng'azi kukamwa yasa. Sakhwi anatsala pang'ono kuvina.

Phuu! Makutu aja anaoneka. Koma abale, anawo anali atagwira chinthu chimodzi chokha pa phunziro lonse lija, chakuti fulumirani. Onse atatu anathamangira kumadzi n'kuyamba kukuwa nthawi imodzi.

"Ndiye anawakwapula ndi mchira! Wakuba! Chimimba!" ameneyo Kwalimba.

"Ayi, uyambe ndi za dzana, za dzana!" ameneyo Ndaziona.

Mfumukazi anakwinya nkhope. "Wakwapula ndani? Mchira wa yani? A Nduna, tianati tikuti chiyani?"

"Akuthokoza chifukwa cha ulamuliro wanu wabwino, Mfumukazi."

"Oho. Ana aulemu." Chubwi!

"Mutu!" anakuwa Sakhwi. "Ndinati muyambe ndi mutu! Mmodzi yekha!"

"Mutu ndine, ndine wamkulu," anatero Ndaziona.

"Mutu wake uti, wosadziwa kumaliza?" anatero Kwalimba.

Phuu! Mfumukazi anavuuka kachiwiri, anapeza awiriwo akujomphana, n'kumiranso. Kachitatu anavuukira mbali ina, onse akuyang'ana kumbali. Sekanawo yekha ndi amene anawaona mochedwa. Anangoti, "Mazira..." Chubwi! Tsiku lachiwiri linapita.

"Mawa ndi lomaliza, aphunzitsi," anatero Ng'azi akunyambita milomo. "Mudzabwere ndithu. Ana anuwa amandisangalatsa."

Sakhwi anakoka mphuno mpaka misozi. "Pitani kwanu," anawauza anawo. "Ndikakuyang'ananinso pano ndiluma wina."

Iye anatsala, anabisala pansi pa tsamba, n'kumaonerera milandu ya ena. Pofuna kuziziritsa mtima anayamba kung'ung'udza nyimbo yake ija, Mfumukazi atangomira. Atafika mawu omaliza a ndime yachitatu, phuu! makutu pamwamba. Sakhwi anadabwa. Anayesanso. Chimodzimodzi! Anayesa pa mlandu wa Nungu, pa mlandu wa Gologolo, pa mlandu wa Chule. Nthawi zonse mpweya wa Mfumukazi unkatha pomwe nyimbo yathera. Kenako anayang'ana Ng'azi akulandira malonje a Chule, akuomba m'manja, osacheuka, monga mwa lamulo lake lomwe. Sakhwi anasiya kukoka mphuno. Anaseka yekhayekha, n'kuliyatsa liwiro kupita kwa anawo.

"Bwerani kuno nonse! Ndinalakwitsa ndine. Ndimafuna kuti nonse mukhale ofanana, chikhalirecho aliyense ali ndi ntchito yake. Sekanawo, iwe sutaya mawu. Mutu ndi wako, mchira ndi wako. Tanena mutu."

Sekanawo anayang'ana pansi. "Mazira."

"Mazira atani? Wachita ndani? Eni ake ndani? Mfumukazi sakudziwa kanthu, sanaliko!"

"A Nduna Ng'azi akudya mazira a mayi athu."

"Basi! Osawonjezera, osachotsera. Koma ukweze mawu, ndipo uyang'ane Mfumukazi m'maso, osati zala zako. Kwalimba, mimba ndi yako. Maumboni atatu, uliwonse ndi chinthu chogwirika. Ukatukwana kamodzi kokha, ndikuthothola nthenga zotsalazo."

"Nanga kungoti chimimba, aphunzitsi?"

"Ayi!"

"Nanga kunena chapansipansi?"

"Kwalimba!"

Ndaziona anali ataima pambali. "Ndiye ine mwanditaya, aphunzitsi? Chifukwa ndimatalikitsa?"

"Iwe ndiye mwini tsiku. Mawa upereka malonje. Unene zonse. Uyambire tsiku limene unabadwa. Ayi, uyambire usanabadwe. Ndipo usayerekeze kunena kuti ndathera pamenepa ine ndisanakukodole."

Ndaziona anayang'ana azing'ono ake. "Aphunzitsi adwala," ananong'ona.

Anayeserera mpaka dzuwa kupendeka, Sakhwi akubisala kuseri kwa chitsa ngati Mvuu, awiriwo akuyimba nyimbo n'kukonzeka pa mawu omaliza. Kasanu konse Kwalimba anatukwana. Kawiri Sekanawo anaiwala kukweza mawu. Sakhwi anakoka mphuno, anabwereza, anakokanso.

Kutacha, Ng'azi anapitanso kuchisa. Mazira anatsala atatu. Mai Nkhanga sanalire n'komwe. Anangoti, "Aphunzitsi, akatha awa, ndilibenso ena."

Pabwalo Sakhwi anafika modzichepetsa, akuomba m'manja kuchokera patali.

"A Nduna, dzulo tinakuchitirani mwano. Malonje a mpweya umodzi kwa munthu wamkulu ngati inu! Sindinagone nazo. Lero mwanayu akonze cholakwacho. Ndaziona, kakhale pamtunda apo, a Nduna akuone bwino."

Ng'azi anakondwa kwabasi. Anaganiza kuti tsiku lomaliza likudzitaya lokha. Anatembenuka kuyang'ana Ndaziona pamtunda paja, msana kulozetsa kumadzi, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Yamba, mdzukulu wanga. Usasiye kanthu."

"Zikomo, a Nduna. Poyamba penipeni ine ndinali m'dzira. Munali mdima."

"Eee. Zikomo."

"Kumanzere kwanga kunali dzira lina, koma sitinkadziwana."

"Eee."

Kumbuyo kwake, Sekanawo ndi Kwalimba anatsetserekera m'mphepete mwa madzi mwakachetechete, akuyimba nyimbo ija chapansipansi. Ndime ya mutu, ndime ya mimba, ndime ya mchira, ndipo pa mawu omaliza, phuu!

Sekanawo anagwada, anayang'ana Mfumukazi m'maso, n'kutulutsa mawu amene palibe ankadziwa kuti ali nawo.

"Mfumukazi, ndife ana a Mai Nkhanga. Tabwera kudzadandaula. A Nduna Ng'azi akudya mazira a mayi athu."

Makutu a Mvuu anaima njo. "A Nduna angawa?" Mpweya unawathera. Chubwi!

Ng'azi anamva zonse. Khosi linayamba kupotokera kumbuyo lokha. Sakhwi anatsokomola.

"Wolandira malonje sacheuka, a Nduna. Munanena nokha dzana, bwalo lonse likumva. Nduna yodula malonje imatani kaya?"

Khosi linabwerera. "Eee. Zikomo," anatero Ng'azi. "Wathera pamenepa, mdzukulu wanga?"

"Ayi, a Nduna. Ndikadali m'dzira."

Nyimbo inayambanso, ndipo tsopano Gologolo ndi Chule, amene anabwera kudzaonerera, anayamba kuvomera nawo kolasi. Pa mawu omaliza, phuu! Ulendo uno Mfumukazi anavuukira pafupi penipeni.

Kwalimba anapuma kaye, nthenga zili nyankhalala, n'kuyika zinthu pansi chimodzichimodzi.

"Mfumukazi, maumboni ndi atatu. Woyamba, zigoba izi: mazira anali khumi ndi limodzi, atsala atatu. Wachiwiri, nthenga izi: zathothoka pamsana pa mayi athu ndi chikwapu cha mchira. Wachitatu sindinathe kuunyamula, chifukwa uli pachibwano pa a Nduna. Adya m'mawa womwe uno, sanasukusule."

Anatsegulanso mlomo, mawu aja a chimimba ali pa lilime penipeni. Anayang'ana Sakhwi. Anatseka.

Chubwi!

Ng'azi anafuna kupukuta chibwano, koma manja anali pa ntchito yoomba. Anayesa kutulutsa lilime kuti anyambite, lilime silinafike.

"Mdzukulu wanga, tafulumirako pang'ono."

"Ndafulumira kale, a Nduna. Ndiye tsiku limenelo ndinamva ngati kunja kukugwa mvula, koma mwina sinali mvula."

"Eee," analira Ng'azi. "Zikomo."

Nyimbo inamveka kachitatu, bwalo lonse likuyimba, mpaka Nungu amene sadziwa kuyimba. Phuu!

"Mfumukazi," anatero Sekanawo, "mwamva mlandu, mwaona umboni. Pempho lathu ndi limodzi. A Nduna asayandikirenso chisa cha mayi athu, kuti atatu otsalawo abadwe. Tathera pamenepa."

Mfumukazi Mvuu sanamire. Anakwera pang'ono kumtunda, madzi akuyenderera pamsana.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikumva za chiswe ndi minga," anatero. "Lero ndamva mlandu wonse, poyambira mpaka pothera. A Nduna, tembenukani ndione chibwano."

"Sangathe, Mfumukazi," anatero Sakhwi mwaulemu. "Malonje akadali m'kati. Dikirani ndiwamasule." Anakodola Ndaziona.

Ndaziona anapitiriza.

Anamukodolanso. Ndaziona anayang'ana kumbali n'kupitiriza.

"Ndaziona!"

"Aphunzitsi, ndangoboola kumene chigoba! Pokoma ndi pano!"

"Nena mawu aja, mwana iwe, ndisanafe!"

Ndaziona anafwenthera. "Ndathera pamenepa," anatero monyinyirika.

Ng'azi anatembenuka pang'onopang'ono. Chibwano chonse chinali chachikasu. Bwalo linati, "Haaa!"

"Yankhanipo," anatero Mvuu. "Nanunso ndikupatsani kuvuuka kutatu."

"Mfumukazi, ine... kunena zoona... nkhaniyi..."

"Malonje, a Nduna," anatero Sekanawo.

Ng'azi anaona ngati wapeza pothawira. Pa mazira analibe choyankha, ndiye anaganiza zotalikitsa malonje mpaka Mfumukazi aiwale mlandu. Anayambira pa mmene anadzukira. Kwalimba anakhala patsogolo pake akuomba m'manja mokoma. "Eee. Zikomo. Ndiye munadya chiyani?" Apo Ng'azi analumpha msanga n'kupita pa chifuwa cha azakhali ake. Mfumukazi anamira, anavuuka, anamira, anavuuka, anamira, n'kuvuuka kachitatu.

"A Ng'azi, za chifuwa cha azakhali anu ndamva, pepani. Za mazira sindinamve kanthu. Unduna wathera pano. Muwoloke dziweli lero lomwe, ndipo mukadzapondanso tsidya lino, ndidzakukhalirani." Chubwi!

Ng'azi anawoloka lilime likali kutuluka n'kulowa, kufunafuna poyambira. Mpaka lero mukakumana naye mudzaona akuchita zomwezo. Mutu wa nkhani yake sanaupezebe.

Patapita masiku anayi, Sakhwi akusesa kanjira kake, anamva phokoso likubwera ngati mphepo. Anali atatu aja, akuthamanga, akukuwa onse nthawi imodzi, fumbi koboo.

"Titadzuka m'mawa..."

"Ndiye kenako kachitatu kanati..."

Sakhwi anaika tsache pansi. Anangoyamba kung'ung'udza nyimbo ija. Anawo anaima. Anayang'anana. Anandanda bwinobwino.

"Mazira aswa," anatero Sekanawo.

"Onse atatu," anatero Kwalimba. "Awiri aakazi, mmodzi wamwamuna. Akuyenda kale, ndipo akulira kuposa ife."

Sakhwi anagwira pamtima. Misozi inalengeza. "Ana anga! Mutu, mimba! Nanga mchira? Ndaziona, mwachidule."

Ndaziona anapuma mozama, anameza nkhani zonse zimene zinadzaza kukhosi, n'kunena mawu ochepetsetsa pa moyo wake wonse.

"Mayi akupempha kuti atatuwonso mudzawaphunzitse ndinu."

Sakhwi anakhala pansi. Nkhanga zisanu ndi imodzi, m'kalasi imodzi! Anagwira mphuno ndi manja onse awiri, anaikoka, anaikoka, anaikokanso, ndipo ulendo umenewu sinabwerere. Mukadzamuona akusesa kanjira kake, muyang'ane mphunoyo, mudzavomereza.

Amene anakwirira mbatata paphulusa athamange isanasanduke khala. Ine ndathera pamenepa.